Jekete la pa Kanema

Aliyense amene adafikapo pa boma la Mangochi akudziwa kuti m'makonde a sitolo za m'mbali mwa msewu wopita ku mlatho wa pa Shire simusowa atelala. Dzuwa likamatuluka kuseri kwa mapiri a ku Namwera, iwo amakhala atayamba kale kupalasa makina awo, ndipo kulira kwa makinawo kumasakanikirana ndi mabelu a njinga za kabaza komanso mawu a amayi otsatsa usipa. Pakati pa atelalawa pali mkulu wina wa imvi amene wakhala akusoka pa khonde limodzimodzi kwa zaka zoposa 40. Makina ake ndi a Singer, opalasa ndi phazi, amene adamusiyira malume wake. Tepi yoyezera sichoka m'khosi mwake, ndipo kachidutswa ka choko sikasowa m'thumba la malaya ake.

Tsiku lina m'mwezi wa Disembala, chaka cha 2023, pa khondepo padafika mwana wa mlongo wake, mnyamata wa zaka 20. Nthawiyo zinthu zidali zitathina, pakuti mwezi wa Novembala ndalama ya kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo nsalu, ulusi ndi zipi zidali zitakwera mtengo. Mnyamatayo adali atalemba mayeso a MSCE koma osakhoza bwino. Atalephera, adapita ku Msaka kukagwira ntchito pa bwato la chilimira, nakhala miyezi ingapo akuchezera panyanja ndi nyali kusaka usipa. Ndalama zimene adasunga, malinga ndi pangano la iye ndi amayi ake, zidali zoti akalembetsere mayeso kachiwiri.

"Amalume, ndabwera ndi ntchito," adatero mnyamatayo atapereka moni ndi kukhala pa benchi. "Ndikufuna mundisokere jekete longa ili."

Sadatulutse chithunzi chodula m'magazini monga ankachitira makasitomala akale. Adatulutsa lamya ya m'manja, naidina, naiika m'manja mwa malume wake. Pa kagalasi ka lamyayo padaoneka mkulu wake wa mnyamatayo, amene adali atakhala ku Durban zaka zitatu. Ankatuluka pa chitseko cha galasi atavala jekete lofiirira lomuthina bwino m'chiuno, nsapato zili psetepsete, wotchi ikunyezimira pa mkono. Adayenda mapazi angapo, nakonza kolala, namwetulira, nyimbo ikugunda. Kanema yenseyo sadakwane ngakhale theka la mphindi.

"Bwezanso," adatero mkuluyo. Mnyamatayo adabweza. Atabweza kachitatu, adaulula zimene zidali kumtima kwake. Za mayeso adali atazitaya. Ankafuna jekete, kenaka chiphaso choyendera, kenaka ulendo wa ku Joni. "Taonani achimwene mmene asinthira, amalume. Ine ndizingonunkha usipa mpaka liti?"

Mkuluyo sadakalipe, chifukwa ankadziwa kuti kusirira zovala zachilendo sikudayambe ndi lamya. Kuno kunyanja ndi khalidwe lakalekale. M'zaka za m'ma 1800, amalonda achiyawo ankayenda miyezi yambiri kupita ku Kilwa ndi madoko ena a ku nyanja ya mchere, nabwerako ndi nsalu ndi mikanda. M'maulendo omwewo mudachokera mkanjo ndi chisoti, zimene mafumu monga Mponda ndi Makanjira adazilandira pamodzi ndi Chisilamu, ndipo lero mwamuna wa ku Mangochi amazivala Lachisanu popita ku mzikiti ngati chovala cha makolo ake. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha mu 1918, gule wa beni adafala m'midzi ya kuno, amuna atavala zofanana ndi za asilikali, nyota zili mbuu pachifuwa, akuguba motsanzira perete. Pambuyo pake padabwera anthu a ku migodi. Mwamuna wochokera ku Wenela ankatsika basi ndi chipewa, jasi lalitali ndi wailesi, ana a m'mudzi nkumamutsata pambuyo. Ulendo umenewu udaima mu 1974, ndege itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana ndi kupha Amalawi 74 ochokera ku migodi. Udayambiranso pansi pa dzina la TEBA, nudzatheratu mu 1988. Komabe njira ya ku Joni sidamere udzu, ndipo mpaka pano Mangochi ndi limodzi mwa maboma amene anyamata ake ambiri amapita ku South Africa.

Mkuluyo mwini adaphunzira kusoka pa nthawi imene boma linkayang'anira ngakhale kavalidwe. Lamulo la kavalidwe la 1973 lidaletsa amayi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi, ndipo m'zaka zomwezo amuna nawonso adaletsedwa kusunga tsitsi lalitali ndi kuvala mathalauzi otambasuka kumapazi aja otchedwa belubotomu. Chitsanzo cha mwamuna wolemekezeka chidali Dr. H. Kamuzu Banda, wa suti ya zidutswa zitatu, chipewa ndi litchowa m'manja. Wailesi ya kanema kudalibe, pakuti Television Malawi idayamba kuulutsa mu 1999. Telala wa masiku amenewo ankasoka yunifolomu ya sukulu, kabudula wa khaki ndi suti ya ukwati, ndipo sankayembekezera zodabwitsa.

Zodabwitsa zidabwera ndi nyumba zoonetsera vidiyo. Malamulo a kavalidwe atachotsedwa mu 1993, pafupifupi pa msika uliwonse ndi pa doko lililonse, kuyambira ku Malindi mpaka ku Monkey Bay, padamangidwa tizisakasa ta mphasa momwe munkalira jenereta. Anyamata ankalipira pakhomo, nakhala mothithikana pa mabenchi kuonera Rambo ndi Bruce Lee, komanso oimba a ku Zaire monga Kanda Bongo Man wa kwasakwasa, Pepe Kalle ndi Papa Wemba, amene ankadziwika ngati mfumu ya otchena a ku Kinshasa. M'mawa mwake anyamatawo ankafika pa khonde la telala akulongosola ndi manja thalauzi lofika pamwamba pa mchombo, lotakasuka m'ntchafu, lothina kumapazi. Ena ankapita kwa wometa kukapempha tebulokati. Mkuluyo adasoka mathalauzi oterowo osawerengeka, ndipo adadyetsa nawo banja.

Komatu pali kusiyana pakati pa vidiyo ya m'chisakasa ndi kanema wa pa lamya. Vidiyo ya kale inkatha, munthu nkutuluka panja, nkuona dzuwa ndi fumbi la kwawo. Anthu a m'vidiyomo adali akutali, olankhula zilankhulo zina, ndipo palibe amene ankaganiza kuti angakhale Papa Wemba. Kanema wa lero amakhala m'thumba. Amadzuka naye mnyamata, amapita naye kunyanja, amagona naye pa mphasa. Kuposa apo, munthu wa m'kanemamo ndi mnzake amene ankasambira naye pa doko, kapena mbale wake wa bere limodzi. Nchifukwa chake mawu akuti "bwanji ine?" amabaya kwambiri lero kusiyana ndi kale.

Nkofunika kuti wophunzira adziwe mmene makanema a kavalidwe ka amuna amakonzedwera, pakuti amene amawaika pa TikTok, Facebook, YouTube ndi WhatsApp sachita mwangozi. Choyamba, iwo amadziwa kuti chithunzi chimangoonetsa chovala chili chiimire, pamene kanema amaonetsa mmene nsalu imagwedezekera munthu akamayenda, ndipo maso amakopeka ndi chinthu choyenda. Chachiwiri, amafupikitsa kanemayo ndi kuika chokoma koyambirira kwenikweni, kuti chala cha woonera chisathamangire kwina. Ambiri amayamba ndi munthu wosasamba, wa tsitsi losapesa, kenaka mwadzidzidzi munthu yemweyo nkuoneka atameta ndi kutchena, ngati kuti moyo umasintha m'kuphethira kwa diso. Chachitatu, amasankha malo owala bwino, amajambulira chapansi kuti munthu aoneke wamtali, amabwereza kujambula kambirimbiri nkutaya zonse zosakoma, kenaka nkuphimba ndi nyimbo. Chachinayi, kuseri kwa makanema ambiri kuli wamalonda. Sitolo imapereka chovala, mafuta onunkhira kapena ndalama kwa wojambulidwayo kuti oonera asirire nkukagula. Chomaliza, makina a pa intaneti amaona kanema amene munthu wachedwapo, nkumubweretsera ena ofanana naye. Mnyamata amene waonera majekete atatu lero, mawa amapatsidwa ochuluka, mpaka amayamba kukhulupirira kuti dziko lonse latchena, wosauka ndi iye yekha. Pa zonsezi, amene amalipira bandulo ndi iye mwini.

Mkulu wa pa khonde uja sankadziwa za makina a pa intaneti, koma ankadziwa nsalu. "Kodi kanthuka kangathe kuima?" adafunsa. Mnyamatayo adadina, chithunzi nkuima. "Chikulitse apa, pa mkono."

Atachikulitsa, mkuluyo adaloza ndi chikhadabo. Mkono wa jekete udali utapindiridwa mkati, ndipo mpindirowo sudali wosoka kapena wosita. Adauza mnyamatayo kuti apitirize pang'ono, naimitsenso pamene mkulu wakeyo ankatembenuka. Mapewa a jekete adali otambalala kuposa a mwini wake, koma m'chiuno lidali lothina, ndipo nsalu inkakokekera kumbuyo. "Jekete lalikulu m'mapewa silithina lokha m'chiuno," adatero. "Alimanga ndi mapini kumsana. Nchifukwa chake sakutionetsa msana." Potsiriza adaloza kaulusi koyera kamene kankatuluka pa batani la pa mkono nkulowa mkati. Kadali kaulusi ka pepala la mtengo.

Mnyamatayo adakhala chete, nkhope itagwa. Kenaka adafunsa mopsa mtima, "Ndiye mukuti achimwene akunama?"

"Sindidatero, mwanawe. Ine ndikuti jeketeli si lake. Za mtima wake sindikuzidziwa, ndikudziwa za msoko. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Iwe waona mkuyu kunja kokha, ndipo ukufuna kugulitsa sukulu chifukwa cha theka la mphindi."

Adamukumbutsanso za mwezi wa Epulo, chaka cha 2015, pamene nzika zina za ku South Africa zidaukira alendo, kuyambira ku Durban komweko, monga zidachitikiranso mu 2008. Boma lidatumiza mabasi kukatenga Amalawi, ndipo ambiri mwa obwererawo adali a ku Mangochi. Mkuluyo adawaona ndi maso ake akutsika pa depoti, ena atanyamula kajumbo kokha. "Sindikuti onse opita ku Joni amavutika," adatero. "Nyumba za malata zimene ukuziona ku Namwera ndi ku Makanjira, zambiri ndi za thukuta la ku Joni. Koma thukutalo suliona pa kanema. Ukafuna kupita, upite ukudziwa zonse ziwiri."

Mnyamatayo adaimirira kuti azipita, koma malume wake adamugwira dzanja. Adamuuza kuti jekete amusokera ndithu, mosalipiritsa, iye angogula nsalu. Adaikapo lamulo limodzi lokha, lakuti mnyamatayo azikhala pa khondepo tsiku lililonse mpaka jeketelo litatha, ndipo ndalama zotsalazo zikhale kaye m'manja mwa amayi ake.

Ntchito idayamba. Mnyamatayo adaona malume wake akumuyeza mapewa, chifuwa, chiuno ndi mkono, nalemba manambala m'kope lakale. Adaona choko chikuyenda pa nsalu, sizasi ikutsata. Adaphunzira kukoleza makala a m'simbi ndi kusita msoko uliwonse usanalumikizidwe ndi unzake. Adadabwa kuona kuti jekete lili ndi zidutswa zambiri zimene wovala saziona, monga nsalu yolimbitsa chifuwa, timapilo ta m'mapewa ndi nsalu yoterera ya mkati. Chimene pa kanema chidatenga theka la mphindi, pa khonde chinkatenga masiku.

Atafika pa kolala, ntchito idavuta. Kolala ya jekete la pa kanema idali yopapatiza, yogona mofewa pachifuwa, pamene mkuluyo adazolowera makolala otambalala, ouma ngati chikwa, a masuti a m'zaka za m'ma 1980. Adasoka, naphwasula, nasokanso, koma kolala idakana kugona. Apa ndi pamene mnyamatayo adatulutsanso lamya yake. Adafufuza pa YouTube napeza kanema wautali wa telala wa ku London akusoka kolala yotero. Munalibe nyimbo kapena kuyenda monyang'wa. Munkaoneka manja okha, singano ndi nsalu. Telalayo ankasoka ndi dzanja timisoko ting'onoting'ono topendekera, akupinda nsaluyo pa chala kuti izolowere kukhota. Chingerezi chake mkuluyo sankachimva bwino, koma manja safuna womasulira. Adaonera kawiri, natenga singano, nayesa pa kansanza. Madzulo a tsiku lomwelo kolala idagona.

"Zoonadi mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa," adatero mkuluyo akuseka. "Zaka zonsezi ndimayesa ndidamaliza kuphunzira." Mnyamatayo naye adaphunzirapo kanthu. Adaona kuti m'lamya imodzimodziyo muli makanema a mitundu iwiri. Ena amafuna kuti munthu asirire, ena amafuna kuti munthu adziwe. Oyambawo amabisa msana, achiwiriwo amatembenuza chovala kuti uone mkati. Pali makanema ophunzitsa kumanga tayi, kusita malaya, kupukuta nsapato, kumeta ndevu mosadzicheka ndi kusankha chovala chokwana thupi, ndipo mnyamata amene adakula wopanda womulangiza angapindule nawo kwambiri.

Jekete litatha, mnyamatayo adalivala, naima pa kalilole wothyoka ngodya amene amakhala pa khondepo. Lidamukwana m'mapewa ndi m'chiuno momwe, popanda pini ngakhale imodzi. Adapempha mnzake kuti amujambule. Adayenda, natembenuka kuonetsa msana, navula jeketelo, nalitembenuza kuti misoko ya mkati ioneke. Potsiriza adalozetsa lamya kwa malume wake ali pa makina, phazi likupalasa. Kanemayo adamuika pa WhatsApp ndi pa TikTok.

Sikuti dziko lidagwedezeka ayi. Kaunjika akadali pa msika, ndipo jekete la m'belo ndi lotsika mtengo kuposa losoketsa, kotero kuti atelala ambiri masiku ano amangokhalira kuchepetsa ndi kukonza zovala za kaunjika. Komabe anthu angapo adabwera kudzafunsa. Mphunzitsi wina adasoketsa suti ya ukwati. Pamene chikondwerero cha Idi chinkayandikira m'mwezi wa Epulo, chaka cha 2024, amuna awiri okhala ku Johannesburg, ataona kanemayo, adatumiza ndalama kuti abambo awo asokeredwe mikanjo. Mkuluyo, amene kale ankati lamya ndi chidole cha ana, adayamba kufunsa m'mawa uliwonse ngati kwabwera uthenga.

Uthenga wofunika koposa udafika usiku wina kuchokera ku Durban. Mkulu wake wa mnyamatayo adaimba lamya ataona kanema wa mng'ono wake. Atacheza za kumudzi, mawu ake adatsika. Adaulula kuti amagwira ntchito yonyamula katundu ndi kusesa m'sitolo ya zovala, ndipo mwini sitoloyo amawaveka majekete antchito ake nkuwajambula pofuna kutsatsa malonda. Akamaliza amavula, jekete nkubwerera pa hang'ala. Iye amagona m'chipinda chimodzi ndi anzake asanu, ndipo akalipira lendi ndi kutumiza kangachepe kwa amayi, amatsala ndi ya chakudya yokha. "Kanema uja ndidatumiza kuti amayi asamade nkhawa," adatero. "Sindinkadziwa kuti akusokoneza iwe. Jekete lakolo ndi lako, mphwanga. Ine langa ndilibe."

Mnyamatayo sadauze malume wake zonse zimene adamva, koma m'mawa mwake adalawirira pa khonde, nayamba kusesa asadauzidwe. Mtima wofuna kuona maiko sudamuthere, ndipo palibe amene angamudzudzule, pakuti kuyenda nkuona. Chimene chidasintha nchakuti adavomera kulembanso mayeso, ndipo masana akaweruka amakhala pa makina kuphunzira kuwongola msoko. Malume wake amati munthu wopita kwa eni ali ndi setifiketi m'thumba ndi luso m'manja sagona ndi njala msanga.

Nkhani ya mnyamatayu ndi ya anyamata ambiri a m'mbali mwa nyanja, ndiponso a m'dziko lonse lino. Kutchena si tchimo. Makolo athu adatchena ndi mkanjo, agogo athu ndi chipewa cha ku Wenela, abambo athu ndi thalauzi la kwasakwasa, ndipo m'badwo uliwonse udatenga chachilendo nkuchisandutsa chake. Kanema nayenso si mdani, pakuti yemweyo amene adafuna kuchotsa mnyamata pa sukulu ndi amene adaphunzitsa nkhalamba kusoka kolala. Chofunika ndi maso a telala, maso odziwa kuimitsa chithunzi ndi kufunsa kuti chovalachi nchayani, wajambula ndani, akufuna chiyani kwa ine, nanga kumsana kuli chiyani. Wofunsa mafunso amenewa amatola nzeru m'kanema nkusiya nyambo. Wosafunsa amafanana ndi usipa umene umathamangira kuwala kwa nyali usiku, osadziwa kuti pansi pake patambalala khoka.

Mpaka lero, ukadutsa pa khonde lija chakumadzulo, umapeza mitu iwiri itaweramira pa kagalasi kamodzi, wina wa imvi, wina wometa mwamakono. Kawirikawiri umamva mawu a mkuluyo akuti, "Imitsa pamenepo. Tione mkati."